Aneba amanga nyumba yosanja, pano akutiona mpaka m'mbale. Ndibzale mtengo wanji?

NaPhiri_Cosmo
Akuluakulu, mwaswera bwanji kuno ku Joni. Ndabwera ndi vuto, mundigawireko nzeru. Timakhala ku Cosmo City, m'kanyumba kamene tinagula movutikira. Chaka chatha aneba akuseli kwathu anagwetsa tizipinda tawo ta lendi n'kumanga nyumba yosanja, pamwamba zipinda zinayi, mazenera awiri akuluakulu kuloza pabwalo pathu. Mpanda wathu ndi wa masilabu, mamita 1.8, ndipo kale unkatibisa bwinobwino. Pano ndikati ndichape, maso. Ndikati ndiyanike zamkati, maso. Lamulungu lija tinkadya nsima panja pamkeka, mnyamata wina ali pazenera ndi foni yake mpaka kutifunsa kuti ndiwo n'chiyani. Ndinaseka naye, koma mumtima munandiwawa. Ndikufuna mitengo yosayoyola masamba nthawi yozizira, yokula msanga, yosagwetsa mpanda. Bambo akunyumba akuti tigule ija yooneka ngati mkungudza imene yadzaza m'mayadi a mabwana. Ine ndili ndi kadimba ka nkhwani ndi mpiru chakomweko, sindikufuna kafe. Amene mumagwira za m'gadeni, tandiuzeni.

Kaligondo77
Ndiye ndiwo zake zinali chiyani mayi? Nafenso tikufuna kudziwa.

NaPhiri_Cosmo
Usipa wothendera, achimwene. Mwakhuta? Tsopano ndiyankheni za mitengo.

Mjomba_wa_Mangochi
Nsungwi basi. Miyezi ingapo mwabisika. Kwathu sitinkafunsa munthu za zimenezi.

PulambaWaKuTurf
Mjomba, mukufuna mundipezere ntchito eti? Nsungwi zilipo za mitundu iwiri. Zina zimakhala phata limodzi ngati zakwathu zija. Zina mizu yake imayenda pansi ngati mfuko, n'kukatumphukira mamita angapo kutsogolo, kudutsa pansi pa mpanda, mpaka pakati pa njerwa zoyala za aneba. Kunazale zonse zimaoneka zofanana zikakhala m'thumba. Mukapanda kufunsa, mudzazindikira patatha zaka zitatu.

Koma mdani wanga weniweni ndi ficus, m'bale wake wa kachere, uja wa masamba onyezimira amene amagulitsa atamumeta bwino ngati mpira. Mwezi wathawu ndinakumba suweji pa nyumba ina ku Rosettenville. Chimbudzi chinkabwerera m'bafa. Titatsegula, paipi yadothi ija inali itadzaza mizu yopyapyala yolukana ngati tsitsi la mesh, ndinakoka chinthu chotalika kuposa mkono wanga wonse, chakuda, chonunkha. Mtengo wake uli cha uko, wokongola, mwini wake amauthirira tsiku lililonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mayi, musanagule chilichonse, yambani mwapeza pamene paipi ya suweji ikudutsa. Fufuzani tizivundikiro tija ta pansi ndi pamene mapaipi akutulukira kuchokera kubafa ndi kukhitchini. M'mayadi ang'onoang'ono nthawi zambiri paipi imatsata mpanda wakuseli, pomwe mukufuna kubzalapo pomwepo.

Mjomba_wa_Mangochi
Ine ndimanena za phata limodzi. Simunandifunse.

AnkoloKempton
Eugenia. Ine ndinabzala khumi ndi iwiri m'mbali mwa mpanda, pano ndi khoma lobiriwira, nsonga zofiirira zokongola. Imametedwa mosavuta. Musamvere zambiri.

Madala_wa_Gadeni
Mayi NaPhiri, ine ndakhala ndikugwira m'magadeni a ku Randburg, Bryanston ndi Fourways kuyambira ndili mnyamata, tsitsi layera ndili ndi sizasi m'manja. Ndiyambe ndi mtengo umene bambo akuufunawo, chifukwa ndi umene wandidyetsa ndalama zambiri, osati poubzala koma poudula.

Dzina lake ndi leylandii. N'zoona umakula msanga, pamalo pabwino umatha kuwonjezera pafupifupi mita pachaka. Vuto n'lakuti sudziwa kuti mwakhutira. Mukafuna mamita anayi, iwo ukulinga makumi awiri. Ndipo uli ndi khalidwe limodzi loipa: kubiriwira kwake n'kwakunja kokha, mkati monse ndi nthambi zouma zofiirira. Mukachedwa kumeta zaka ziwiri, kenako n'kudula mozama kuti muubweze, pamene mwafika pouma paja sipaphukanso mpaka kalekale. Mumatsala ndi chibowo ngati munthu woguluka mano akutsogolo. Ndawonapo mabwana akulira ndi mpanda wa zaka khumi ndi zisanu umene mnyamata waganyu anaumeta tsiku limodzi. Komanso pansi pake sipamera kanthu, umamwa madzi onse. Nkhwani zanu mudzazitsanzika.

Eugenia ya ankolo ndi yabwino, sindikana, koma ili ndi kachilombo kake kamene kamatupitsa masamba anthete, amachita timatuza ngati nthomba n'kupiringizika. Ndipo ikakhala yaing'ono chisanu chimaiwotcha nsonga. Ankolo anene zoona ngati sapopera mankhwala.

Pa kayadi ka ku Cosmo ine ndingasankhe pakati pa iwiri. Woyamba viburnum, ya masamba akuluakulu onyezimira. Imatseka bwino kuyambira pansi, imapirira chisanu chapakatikati, ukaidula mozama imaphukanso. Koma imakonda madzi. Wachiwiri, umene ndimaukonda ine, ndi wa konkuno, false olive, pa chikwangwani amalemba Buddleja saligna. Masamba ake ndi aatali, owonda, kunsi kwake kotuwa. Umakula msanga, chisanu suchiopa, ukagwira sufuna kuthiriridwa kawirikawiri, ndipo mizu yake si yaukali. Umachita maluwa oyera onunkhira ngati uchi, njuchi ndi agulugufe zimadzaza. Ukhoza kuusiya ngati mtengo kapena kuumeta ngati mpanda.

Karee nayenso sayoyola masamba ndipo ndi wolimba zedi, koma amatambasuka ngati ambulera, pa kayadi kakang'ono adzaphimba theka la bwalo.

AnkoloKempton
Ndimapopera, inde. Kawiri kapena katatu nthawi ya dzinja. Kodi pali chabwino chosavutikira?

Madala_wa_Gadeni
Palibe, ankolo. Ndimangofuna mayiwa adziwe kuti mtengo wa mbande si mtengo wonse.

AchemwaliKuLeeds
Ndimangowerenga mwakachetechete chichokereni ku Joni, koma apa ndiyankhulepo. Leylandii ameneyo kuno ku England anadanitsa anthu mpaka boma linaika m'lamulo la 2003 gawo lokhudza mipanda ya mitengo yosayoyola masamba yopitirira mamita awiri. Neba akhoza kukadandaula kukhonsolo kuti mpanda wako ukumutchingira kuwala, ndipo akhoza kukulamula kuti uudule. Tangoganizani, nyumba ya malamulo kukhala pansi chifukwa cha mtengo. Auzeni bambo zimenezo.

Kaligondo77
Komanso mitengo yothithikana ngati imeneyo imaitana akadzidzi. Tsiku lina kadzidzi adzalira pa mpanda wa Mmalawi, aneba onse adzati tabwera nazo kuchokera kwathu.

MayiMvano_Tembisa
Kaligondo, zinazi tamazisiyani. Tili kwa eni kuno.

Kaligondo77
Ndangocheza amayi. Koma za mahadida, mbalame zija zolira ngati mwana wopsa ndi phala, ndiye sindikucheza, amamanga zisa m'mitengo italiitali. Folo koloko m'mawa mudzadzuka mufune musafune.

MphunzitsiWakale
Mayi NaPhiri, aliyense akukuuzani dzina la mtengo, koma palibe wakufunsani funso loyamba: nyumba yosanjayo ili mbali iti? Kumpoto, kummwera, kuvuma kapena kuzambwe? Muyankhe kaye, ndifotokoza chifukwa chake.

NaPhiri_Cosmo
Aphunzitsi, za kampasi sindizidziwa. Koma nthawi yozizira, masana dzuwa limakhala chakomweko, pamwamba pa denga lawolo. Ndi kumene timakaothera.

MphunzitsiWakale
Ndiye kumpoto kumeneko, ndipo nkhani yavuta pang'ono. Joni ali pa madigiri 26 kummwera kwa equator. Mu Juni, masana enieni, dzuwa limangokwera madigiri pafupifupi 40 kuchokera pansi, chakumpoto. Zikatero chithunzithunzi cha chinthu chimatalika kuposa chinthucho. Mtengo wa mamita asanu umaponya mthunzi wa pafupifupi mamita asanu ndi limodzi kulowa m'bwalo mwanu. Mukandandalika mitengo mpanda wonse, mwezi wa Juni ndi Julayi bwalo lonse lidzakhala mufiriji. Zovala sizidzauma, mpiru sudzakula, ndipo ngati muli ndi giza ya sola padenga lalifupi nayonso idzalira. Nyumba ya anebayo yayamba kale kukudyerani dzuwa, musaithandize.

Chitani izi. Khalani pamkeka pomwe mumadyera paja. Bambo atenge mtengo wautali, kaya paipi, kaya ndodo yokolopera yomangirira ku inzake, aime nayo kumpanda moimika. Muwauze akweze mpaka nsonga yake ifike pamwamba pa zenera monga mukuonera inuyo. Pamenepo yezani. Kenako asendere kufupi ndi inu masitepe atatu, muyezenso. Mudzadabwa kuona kuti akamayandikira kwa inu, utali wofunika ukuchepa. Ndi chimodzimodzi kutchinga dzuwa ndi chikhatho: dzanja n'laling'ono koma lili pafupi ndi diso. Bwerezani pa chingwe choyanikira ndi pa khomo lakukhitchini. Mwina mupeza kuti simukufunika mitengo khumi, koma itatu yokha yoima malo oyenera, moyang'anizana ndi mazenera awiriwo, kwinako dzuwa lizidutsa.

Mjomba_wa_Mangochi
Aphunzitsi mpaka masamu pa nkhani ya mpanda. Tinathawa sukulu kwathu, yatipeza ku Joni.

Dalaivala_N1
Koma nyumba yosanjayo ili ndi mapulani ovomerezeka? Mazenera oyang'ana m'yadi ya munthu pafupi chonchi ndi mpanda? Kafunseni kukhonsolo. Bwanji muwononge ndalama zanu pa vuto limene wabweretsa ndi wina?

NaPhiri_Cosmo
Achimwene, tinaganizapo. Koma mwini nyumbayo takhala naye bwino zaka zonsezi, maliro a mayi anga anatithandiza ndi galimoto mpaka ku Park Station. Ndikakamunenera, mawa tidzaonana bwanji? Bola mtengo, suyankhula.

Dalaivala_N1
Ndiye mupempheni amate pepala lija losaonetsa mkati pa magalasi a m'munsi. N'zotchipa kuposa mitengo.

MayiMvano_Tembisa
Alendi amatsegula mazenera, bambo. Kutentha kwa Disembala mudzawauza atseke?

Mwana_wa_ku_Ntcheu
Nkhani iyi yandikumbutsa kwathu. Agogo anazunguliza nyumba yonse ndi nkhadze. Sankagula, ankangothyola nthambi n'kuzika, basi yamera. Mbuzi sizinkadutsa. Tsiku lina ndikusewera ndinathyola kanthambi, utomoni woyera uja n'kundigwera m'diso. Ndinalira mudzi wonse unasonkhana, amayi akunditsuka ndi madzi mpaka usiku. Mpaka lero ndikaona nkhadze diso limayabwa. Kodi kuno ingamere?

Madala_wa_Gadeni
Imamera kumalo otentha ngati ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal, ndipo m'manazale muno amagulitsa ina yofiira nsonga yobzala m'miphika. Koma Joni ali pamwamba, mamita oposa 1,700, kuposa Dedza boma. Chisanu cha kuno chimaipsereza. Ndipo pakhomo pa ana ine sindingaibzale, mwanena nokha chifukwa chake.

Mwana_wa_ku_Ntcheu
Nanga mkungudza weniweni wa ku Mulanje? Wina akubwera pa basi atatitengera mbande, tingakhale ndi mtengo wa fuko lathu pakhomo.

WaZankhalango_Zomba
Ayi achimwene, musayese. Choyamba, zomera sizidutsa pa Mwanza ndi Beitbridge ngati thumba la ufa, zimafuna zikalata za boma zotsimikiza kuti zilibe matenda. Chachiwiri, mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa m'phiri la nkhungu, watsala pang'ono kutheratu ngakhale kwawo komweko chifukwa cha macheka ndi moto. Si wotchingira aneba.

Ndipo poti mwatchula, ndinagwirako ntchito ya zankhalango ndisanabwere kuno. Nsabwe za mitengo ya cypress zinayamba kuoneka mu Africa muno ku Malawi, mu 1986, kenako zinafalikira maiko a kuvuma kwa Africa. Zimayamwa timadzi m'nthambi, mtengo umayamba kufiira kuchokera mkati ngati wawauka ndi moto. Achikulire amene anaona mipanda ya cypress ikuuma m'matauni mwathu zaka zimenezo akukumbuka. Mukabzala mtundu umodzi wokhawokha mzere wonse, chilombo chikabwera chimatenga onse tsiku limodzi. Ichi n'chifukwa china chimene ndikugwirizana ndi madala kuti leylandii ayi, poti nayenso ndi wa mtundu wa cypress.

Kuno nakonso kuli mliri wake. Kachikumbu kotchedwa shot hole borer, kochokera ku Asia, kanapezeka koyamba m'dziko lino ku Pietermaritzburg mu 2017, ndipo posakhalitsa kanapezeka m'mitengo ya kumpoto kwa Joni. Ndi kakang'ono ngati njere ya chitowe, mamilimita awiri. Kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi, mtengo n'kumauma nthambi imodziimodzi. Kapha mitengo yambiri ya box elder, oak ndi London plane. Kamaswananso mu nsatsi ndi mapeyala, ndipo viburnum imene madala atchula ilinso pa mndandanda wa mitengo imene kamaikonda. Pogula, yang'anani thunthu: timabowo ngati pobaya ndi nsonga ya bolopeni, tofumbutuka utuchi kapena todontha madzi. Ndipo nkhuni zowotchera nyama zogula m'mbali mwa msewu, zosadziwika kumene zadulidwa, ndi basi imene kachilomboka kamakwera.

Madala_wa_Gadeni
Apo mwanena zoona. Ndiye false olive yapambana ndi chigoli china.

Dalaivala_N1
Poti mwatchula za basi, ndani akudziwa mtengo wa katundu panopa kupita ku Lilongwe? Ndili ndi firiji ndi matayala anayi.

Kaligondo77
Firiji ikafika ku Dedza idzakhala kabati.

Mjomba_wa_Mangochi
Ndilembereni kumbali, ndili ndi mnyamata wa thiraki amanyamuka Lachisanu.

Admin_Gulu
Abale, za katundu zili ndi malo ake. Pano tikuthandiza mayi NaPhiri.

Mlendi_wa_Rosettenville
Funso langa likufanana. Ine ndimachita lendi kanyumba kakuseli, pabwalo ponse ndi simenti. Ndingatani? Komanso kuseli kwa chimbudzi kwamera wokha mtengo wa masamba onyezimira, tizipatso takuda tambirimbiri m'magulumagulu. Sukuyoyola masamba. Ndizule tiana take ndimupatse mayiwa kwaulere?

WaZankhalango_Zomba
Mwafotokoza privet. Musawapatse. Ili pa mndandanda wa boma wa zomera zachilendo zolanda malo, pamodzi ndi bugweed, lantana ndi indiya uja timamudziwa kwathu. Mbalame zimadya zipatsozo n'kukafesa m'mitsinje monga Jukskei. N'chifukwa chake yamera yokha. Zomera za pa mndandandawu saloledwa kuzigulitsa kapena kuzifalitsa mwachisawawa, ndipo maluwa a privet amayetsemulitsa anthu ambiri.

Madala_wa_Gadeni
A lendi, inu musakumbe simenti ya eni. Pezani zigubu zazikulu kapena migolo yapulasitiki yodula pakati, boolani pansi, ikani timiyala, kenako dothi losakaniza ndi manyowa. Bzalanimo Freylinia, kamtengo kowonda ka timaluwa totuwira ngati mtambo, kamafika mamita awiri mwachangu. Nyumba yosanja sikangaitchinge, koma maso a wodutsa kamatchinga. Tsiku losamuka mumakweza pa bakkie limodzi ndi bedi. Kungoti za m'zigubu zimauma msanga, Okutobala mudzathirira pafupifupi tsiku lililonse.

SisiWaKuMidrand
Palibe watchula yellowwood? Mabwana anga ali nayo itatu, masamba ogwera pansi ngati tsitsi, yokongola kwabasi. Ndipo ndi mtengo wa fuko la South Africa.

Madala_wa_Gadeni
Wa masamba ogwerawo ndi Henkel's yellowwood, wa fuko ndi m'bale wake, real yellowwood. Yonse ndi yokongola, sisi, koma imakula mwaulemu ngati mfumu ikuyenda. Mnyamata wa pazenera uja adzakwatira n'kusamuka mtengo usanafike pa mpanda. Ikakula imakhala zimitengo zazikulu, ndipo ndi yotetezedwa ndi lamulo, kuidula kumafuna chilolezo. Ndi ya mayadi a ku Bryanston, kumene galu ali ndi bwalo lake.

AnkoloKempton
Nanga za akuba? Mpanda wobisa kwambiri umabisanso wakuba akalowa. Ine kutsogolo sindinabzale dala, ndimafuna odutsa aziona pakhomo.

PulambaWaKuTurf
Zoona. Ndiponso amene muli ndi fensi ya magetsi pamwamba pa mpanda, nthambi ikangokhudza waya, makamaka mvula ikagwa, alamu usiku wonse. Kenako mumatopa n'kuizimitsa, wakuba n'kupeza pakhomo potsegula.

MayiMvano_Tembisa
Ife tinabzala Kei apple chifukwa cha zomwezo. Minga zake n'zazitali ngati chala, ngakhale galu salowa. Zipatso zake zachikasu, zowawasa ngati masau osapsa, ndimaphika jamu. Kungoti pali yaimuna ndi yaikazi, mwa isanu ndi umodzi imene tinagula iwiri yokha ndiyo imabereka. Siikula msanga, ndipo tsiku lometa bambo amatuluka magazi ngati amenyana ndi mphaka.

NaPhiri_Cosmo
Ndabwerako abale. Dzulo madzulo tinachita za aphunzitsi zija, bambo atanyamula paipi ya madzi, ine pamkeka ndikulamula ngati kapitawo. Alendi a pamwamba anatuluka onse kudzaonerera, wina mpaka kufunsa ngati tikuyika DStv. Kumpanda kwenikweni pakufunika mamita anayi ndi theka kuti zenera libisike. Titasendera mita imodzi ndi theka mkati, anayi osakwana. Suweji nayo taipeza, apulamba munalondola: ikudutsa m'mbali mwa mpanda womwewo, kachivundikiro kanali kokwiririka pansi pa mulu wa njerwa. Ndiye kumpanda sitingabzale n'komwe. Bambo avomera kusiya mkungudza wawo atamva za ku England. Tagwirizana false olive itatu. Madala, ndiuzeni kabzalidwe, tili mu Ogasiti.

Madala_wa_Gadeni
Mwachita bwino kuyeza. Tsopano musathamange. Ogasiti kuno ndi wa mphepo ndi fumbi, ndipo chisanu chimatha kubwereranso usiku umodzi n'kupha zanthete. Kumbani maenje panopa, mubzale pakati pa Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala mvula ikamayandikira. Kwathu tinazolowera kuti nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, koma kuno mvula imayamba msanga, ndipo mukufuna mtengo upeze miyezi yonse yotentha kuti Juni akamafika ukhale utagwira.

Dzenje likhale la makona anayi, masentimita 60 mbali zonse ndi 60 kuya. Lozungulira losalala m'mbali, makamaka pa dothi lamakande, mizu imangozungulira momwemo ngati ili mumphika. Dothi lapamwamba ikani padera, musakanize ndi manyowa owolerana bwino, theka kwa theka, ndi ufa wa mafupa (bone meal) wodzaza manja awiri. Manyowa a nkhuku aawisi ayi, amawotcha mizu. Dzulo lake thirani ndowa ziwiri m'dzenjemo muone ngati madzi akulowa. Mukapeza m'mawa akadali chiimire, dothi lanu ndi losunga madzi, kumbani mokulirapo ndipo mtengo muukweze pang'ono.

Talikirani mita imodzi ndi theka kuchoka pa paipi ndi mpanda, kuposa apo ngati malo alola. Pakati pa mtengo ndi unzake mita imodzi ndi theka kapena awiri. Ndikudziwa pooneka padzakhala mipata ndipo bambo adzafuna kuthithikiza. Akanizeni. Yothithikana imalimbirana dzuwa, imathamangira kumwamba n'kusiya miyendo yambulanda.

Kunazale musatengeke ndi waukulu wa m'thumba la malita 100. Wa malita 20 ndi wotchipa, sulemera, ndipo umagwira msanga, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu umamupeza wamkulu uja. Suzumirani pansi pa thumba. Ngati mizu yakhuthala yatulukira n'kupiringizana, wakhalitsa, siyani. Pobzala ng'ambani thumba, musakoke mtengo ndi thunthu, ndipo dothi lifike pomwe linkafika m'thumbamo, osakwirira khosi. Pangani kabeseni kozungulira, phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, koma zisakhudze thunthu chifukwa cha chiswe ndi kuola. Zikani mtengo wochirikiza mbali yochokera mphepo, mumange momasuka ndi sokosi yakale kapena chubu cha njinga, osati waya. Waya amalowa m'khungwa mtengo ukamanenepa, ndadulapo yambiri yofa ndi kawaya kamene munthu anaiwala.

Madzi: ndowa ya malita 20 pa mtengo uliwonse, kawiri pa sabata miyezi itatu yoyamba ngati mvula sinagwe, kenako kamodzi. Kuthira pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu ulesi, imangokhala pamwamba. Kumbukirani kuti kuyambira Sepitembala mpaka Malichi malamulo a madzi mumzinda muno saloleza kuthirira gadeni pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Madzi otsukuluzira zovala omaliza aja ndi abwino, bola asakhale a jiki.

Chomaliza, chimene anthu ambiri amakana: ukangogwira n'kuyamba kuphuka, tsinani nsonga za nthambi zam'mbali. Mtima umawawa kudula chinthu chimene ukufuna chikule, koma m'mera mpoyamba. Mukatsina pamodzi pamatuluka nthambi ziwiri, ndiye kuthithikana kwake. Ukafika pa utali umene munayeza ndi paipi uja, dulani mutu chaka chilichonse ukamaliza maluwa, musadikire kuti mudzafune makwerero aatali.

AnkoloKempton
Ndipo chaka choyamba muifunditse nthawi yozizira. Ine pa 10 Julayi 2023, tsiku lija kunagwa chipale chofewa Joni yense anthu n'kumajambula, sabata imeneyo ndinataya eugenia zitatu zimene ndinabzala mochedwa mu Epulo.

Madala_wa_Gadeni
False olive ndi yolimba kuposa eugenia, koma kufunditsa chaka choyamba sikulakwa, makamaka ngati muli kumunsi chakumtsinje kumene chisanu chimagona. Masaka kapena nsalu yoyera ija ya kunazale, osati pulasitiki. Amene akufuna kuona mmene mitengoyi imaonekera ikakula, apite ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort, yambiri ili ndi zikwangwani za maina. Kuchokera ku Cosmo si kutali.

Kaligondo77
Ndiye zaka ziwiri zimenezi mayi azidyera kuti usipa podikira mitengo?

SisiWaKuMidrand
Neti ya mthunzi ija yobiriwira, mapolo awiri, pamwamba pa pomwe amakhala. Kapena mawaya n'kuyendetsapo granadilla, mudyenso zipatso.

NaPhiri_Cosmo
Neti tili nayo kale yotsala pa khola la nkhuku, bambo aikhoma Loweruka. Kadimba ndikasunthira mbali ya kuvuma kumene kumafika dzuwa la m'mawa. Madala, manazale a ku Muldersdrift ndi Honeydew ndi amene ali pafupi nafe, koma ine mitengoyi sindiidziwa nkhope, ndikhoza kubwera ndi privet. Simungatiperekeze mwezi wamawa? Ya thiransipoti ndi nsima zili kwa ife.

Madala_wa_Gadeni
Loweruka lachiwiri la Sepitembala ndimaweruka 1 koloko. Mundipeze pa msewu wa Malibongwe. Maenje akhale okumbakumba, ndidzabwera ndi tepi.

Mjomba_wa_Mangochi
Bakkie ndili nayo ine. Koma ndidzatengako nsungwi imodzi ya phata, ndikabzale kwanga, apulamba adzaone okha.

PulambaWaKuTurf
Nambala yanga muisunge, mjomba.